Alangizi a ku yunivesite, ana athu musamawapusitse ndi Fanta ndi banzi

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhuleko za chipongwe chomwe chinachitika sabata yatha pa yunivesite ina ya boma. Dzina sinditchula, eni akewo akudzidziwa okha ndipo makolo amene ana awo anali mu holo muja tsiku limenelo akudziwa kale chomwe ndikunena. Ati linali tsiku lolangiza ophunzira a chaka chachiwiri za kasankhidwe ka phunziro loti ameje, kutanthauza lalikulu loti alitsate mpaka kumaliza digiri, komanso za ntchito zomwe angadzagwire. Mwana wa achemwali anga amaphunzira pomwepo, ndipo kumene loni yathera ndimayambira ndine malume wake, nde pasapezeke wina wondifunsa kuti iwe zikukukhudza pati.

Ana anauzidwa kuti 9 koloko mmawa akhale atakhala kale pansi. Mlendo wolemekezeka anatulukira dzuwa lili paliwombo, kenako pemphero, mawu a wapampando, mawu a wachiwiri kwa wapampando obwereza zomwe wanena wapampando, nde bwana aja kuimirira nkuyamba kufotokoza mmene ankapitira ku pulayimale opanda nsapato, mmene anakwerera ndege koyamba pa ulendo wa ku London, mmene azungu anadabwira ndi nzeru zawo, ana ali phee njala ili mmimba akudikira kuti mwina zenizeni zikubwera kutsogoloku. Zenizeni zake zinali ziwiri basi: tsatirani mtima wanu, ndipo musamadikire kulembedwa ntchito, dzilembeni nokha. Mmanja kuwomba. Fanta ndi banzi pakhomo potuluka.

Mtsikana wathuyu analimba mtima nkukweza dzanja, ndipo amene amamudziwa akudziwa kuti si mwana wolankhula pagulu. Anafunsa kuti iye ali pakati pa Economics ndi Sociology, masamu a chaka choyamba anachita kukhoza atalemba sapu, mayeso obwereza aja a amene walephera, kodi akatenga Economics afika nayo kumapeto kapena akawidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, chaka chachitatu, nanga amene anameja Sociology zaka zapitazi akugwira ntchito zanji pano? Funso lomveka bwinobwino, la munthu amene waganiza. Yankho lake akuti, funso labwino kwambiri mwana wanga, tionane panja tikamaliza. Panjapo anakapeza fumbi la galimoto, okonza mwambo ali piringupiringu pa tebulo kusayinira ma alawansi, ndipo fomu yosankhira inkafunika Lachisanu lomwelo. Usiku anandiimbira akulira kuti ankolo nditani, ine wake wa kusitolo ya zitsulo ndikadziwa chani za Econometrics? Mapeto ake wasankha zomwe wasankha mnzake wa mu rumu, poti pa gulu lawo la WhatsApp wina analemba kuti kumeneko malekichara sawuma mtima pochonga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa ndithu pamaso pa holo yonse ndipo phulalo mwamudyetsabe.

Tsono tiyeni tikambe za mtimawo, poti ndi umene mwaukonda. Mtima wa mwana wochokera ku CDSS, amene kwawo ndi woyamba kuponda pa yunivesite, amene anthu a ntchito amene anawaonapo pafupi ndi aphunzitsi, a zaumoyo a pa sikelo, alangizi a zaulimi ndi apolisi a pa rodibuloko, mtima umenewo uutsatire ukamufikitsa kuti? Mtima ukudziwa kuti Economics akamapita kutsogolo amasanduka masamu ndi Statistics zokhazokha? Mtima ukudziwa kuti digiri ya Accountancy payokha siyikupanga kukhala chartered accountant, pali mayeso ena a ICAM kapena ACCA amene amafuna ndalama zawozawo? Ukudziwa kuti wa zamalamulo akamaliza digiri amayenera kukadutsanso ku Malawi Institute of Legal Education asanaloledwe kuimira munthu mu khoti, kuti namwino amalembanso mayeso a Nurses and Midwives Council asanapatsidwe chiphaso chogwirira odwala, kuti dokotala amayenera kuchita intenishipu ndi kulembetsa ku Medical Council? Zimenezi si zinsinsi, munthu amene anadutsamo akhoza kuzifotokoza mphindi khumi ataimirira pansi pa mtengo, koma inu munasankha kutiuza za nsapato zanu za ku pulayimale. Kuuza mwana kuti tsatira mtima wako osamuuza zimenezi zili ngati kusiya munthu wachilendo pa Wenela nkumuuza kuti kwera basi iliyonse imene yakusangalatsa mtundu wake, pomwe iwe ukudziwa bwinobwino kuti iyi ikupita ku Nsanje iyo ku Karonga ndipo ndalama ali nayo ya ulendo umodzi wokha.

Ndipo musaiwale kuti ulendo umodziwo ndi wa ngongole. Loni ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, si mphatso, imadzafunika kubwezedwa, kaya mwana anameja zomwe amazikonda kaya anangotsatira mnzake wa mu rumu. Akalakwitsa kusankha nkubwereza chaka, ndi ife a pakhomo amene timagulitsa mbuzi ndi matumba a soya kuti tipeze ya lendi ndi ya chakudya ya chaka china chathunthu. Akawidedwa, amabwerera kumudzi ndi ngongole koma opanda pepala, nkumayenda chozemba kuopa mafunso a anthu pa chigayo. Bwana wa mtima uja nthawi imeneyo adzakhala ali mu holo ina akufotokozanso za ndege yawo yoyamba.

Za dzilembeni nokha nde ndisayambe nkomwe, koma ayi ndiyamba. Munthu amene wakhala pa malipiro a boma kuyambira nthawi ya Kamuzu, galimoto ya boma, mafuta a boma, penshoni ikumudikira, akuimirira osachita manyazi kuuza ana amene akugawana phukusi limodzi la soya pieces anthu atatu kuti akhale olemba anzawo ntchito. Ndi mpamba uti bwana? Chikole cha kubanki apereka chani, ID ya sukulu? Chiwongola dzanja cha mabanki athuwa mukuchidziwa inu kuposa ine. Ngati mumafunadi kuti adzadzilembe okha bwenzi mutabweretsa mnyamata amene anamaliza digiri ya zaulimi nkuyamba kuweta nkhuku kapena mtsikana amene anatsegula kakampani ka zamakompyuta, adzawauze anawo kuti anayamba ndi zingati, analuza kangati, kulembetsa bizinesi kumatheka bwanji, MRA imafuna chani, ndi phunziro liti la pa sukulu lomwe linawathandizadi. Amenewo ana akanawamvera mpaka madzulo ngakhale popanda banzi.

Wina anena kuti komatu dipatimenti iliyonse ili ndi mlangizi wa ophunzira. Eya alipo, pa pepala. Pa chitseko pamatidwa kapepala ka maola okumana ndi ophunzira, kachita kuyezuka ndi dzuwa, ukagogoda a sekilitale amakuyankha osakweza nkomwe mutu kuti ali ku wekishopu ku Mponela, ubwere sabata yamawa, sabata yamawa ali ku Mangochi, ndipo wekishopu yakeyo mwina mutu wake ndi wa mmene tingathandizire ophunzira. Sindikunena kuti malekichara onse ndi otero ayi, alipo ena amene amakhala ndi ana mpaka mdima, amayankha mameseji usiku, ndipo ndikudziwa kuti munthu mmodzi wophunzitsa kalasi yodzadza holo, kuchonga mapepala onsewo, kuchitanso kafukufuku wake, sangakhale pansi ndi mwana aliyense payekha. Koma nde vutolo ndi limenelo, ntchito yolangiza mwaiponya ngati katundu wowonjezera pa munthu wotopa kale, palibe amene amafunsidwa kumapeto kwa semesita kuti wakumana ndi ana angati, ndipo mwana amene ali ndi malume wa ku Capital Hill kapena azakhali a ku banki amalangizidwa pa tebulo la nsima kwawo, wa kumudzi nkumalangizidwa ndi gulu la WhatsApp.

Ndipotu matendawa sayambira ku yunivesite. Amayambira Fomu 3, pomwe mwana amasiya Physics ndi Chemistry chifukwa pa sukulu pake palibe labu kapena mphunzitsi wake anasamutsidwa, kapena chifukwa anzake amuuza kuti nzovuta zikuwonongera mapointi, popanda womuuza kuti tsiku limenelo watseka yekha chitseko cha udokotala, uinjiniya ndi za mankhwala. MSCE ikatuluka, mapointi abwino, makirediti 6 kuphatikiza Chingelezi alipo, nde ikubwera fomu yofunsira malo ku yunivesite ija ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Pitani pa malo ochitira za intaneti pa boma lililonse nthawi yofunsira malo mukaone nokha, mnyamata wa pa kompyuta ndi amene amasanduka mlangizi wamkulu wa dziko lino, mzere uli mpaka panja, iye akungoti iyi imadzadza msanga ika iyi, mwana nkuvomera kosi imene ngakhale dzina lake sangalitchule. Makolo enanso nawo sathandiza, kwa iwo ntchito padziko lapansi zilipo zitatu, dokotala, loya ndi injiniya, mwana akati ndikufuna Food Science kapena Land Surveying akuti talipira fizi zaka zonsezi kuti ukaphunzire kuphika ndi kuyeza minda?

University of Malawi inayamba 1965. Mu 2021 inagawidwa, Poly nkukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala KUHeS, Chanco nkutsala ndi dzina la UNIMA, Bunda inali itachoka kale nkukhala LUANAR, kuwonjezera MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo, ndiye kuti mayunivesite a boma 6, osawerenga a mipingo ndi a anthu wamba amene angoti mbwee mmatauni. Makosi achuluka, mayina ake atalika, zikwangwani zasintha, ma logo atsopano, koma njira yomuthandizira mwana kusankha pakati pa zonsezi ikadali ija ya kale yofunsa amene wakhala naye pafupi. Tsiku ndi tsiku pa wailesi tikumva za masomphenya a chitukuko a Malawi 2063, za ulimi, zokopa alendo ndi migodi, akuti tsogolo lili ku migodi ya ku Kayelekera, ku Kangankunde, ku Kasiya. Chabwino. Ndani wapita kukauza mwana wa Fomu 2 ku Balaka, amene phiri la Kangankunde amaliona ndi maso, kuti ngati akufuna kudzagwira ntchito pamenepo osati ngati mlonda asasiye masamu, Physics ndi Chemistry, ndipo kuti za migodi ndi za miyala zimaphunzitsidwa konkuno ku MUBAS ndi ku MUST? Tidzadabwa makampani akubweretsa akatswiri akunja ife nkumatukwana pa Facebook kuti akutilanda ntchito, pomwe ana athu tinawauza kuti atsatire mtima.

Nduna ya zamaphunziro, akuluakulu a NCHE, ma Vice Chancellor nonse, ngakhale aphungu a komiti ya zamaphunziro ku Nyumba ya Malamulo, nkhaniyi ndi yanu. Mumayendera masukulu kuona ngati kosi ili yoyenera kuvomerezedwa, mumawerenga mabuku a mu laibulale ndi ma digiri a aphunzitsi, bwanji osafunsanso kuti mwana wosokonezeka amapita chitseko chiti ndipo amapezako munthu? Nanunso a mabungwe a ophunzira, mukakwiya ndi za fizi ndi ma alawansi mumadziwa kutseka msewu, za izi zokha mwangoti zii.

Zochita zake sizofuna ma dona. Dipatimenti iliyonse ilembe pepala limodzi lokha, mbali ziwiri, lonena kuti kuti umeje phunziro ili uyenera kukhala utakhoza izi, kutsogolo ukakumana ndi izi, ukamaliza pali mayeso ena awa, ndipo anzako amene anamaliza zaka zisanu zapitazi ali uku ndi uku, ngakhale atakhala kuti ambiri ali pakhomo lembani choncho mwana asankhe akudziwa. Likhomedwe pa bolodi, liikidwe pa intaneti, litumizidwenso ku ma CDSS. Fomu yosankhira isalandiridwe popanda siginecha ya mlangizi amene wakhala naye pansi mwanayo, ndipo sabata yosankhayo wekishopu ya ku nyanja iyambe yaima. A chaka chachinayi apatsidwe ana a chaka choyamba asanu asanu aziwalangiza. Ndalama ya Fanta, banzi ndi mafuta a mlendo wolemekezeka ija muwapatse thiransipoti ana anu akale amene ali pa ntchito abwere adzayankhe mafunso. Ndipo amene anasankha mwachimbulimbuli sabata yatha apatsidwe masabata awiri oti asinthe popanda chindapusa, semesita isanapite patali.

Malume wokwiya,
Lunzu, Blantyre