Chikwangwani apentanso, nanga madziwo abwera liti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaulire m'nyuzipepala yanu, popeza kumene timayenera kudandaula anatiuza kale kuti nkhani yathu ili m'manja mwa akuluakulu, ndipo akuluakuluwo palibe amene anawaonapo nkhope.

Sabata yatha kwathu kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje kunabwera galimoto yoyera, ya mtundu uja wosaopa matope. Ana anaithamangira, amayi anatula ndowa pansi, tonse tinati lero mapaipi alowa m'nthaka. M'galimotomo munatsika anyamata awiri, wina ndi chitini cha penti, wina ndi makwerero. Anapita pa chikwangwani chimene chinazikidwa pamphambano chonena za ntchito yokonzanso mipopi yathu imene namondwe wa Freddy anawononga, nafufuta chaka chimene ntchitoyo imayenera kutha, nalembapo china. Kenaka anadzijambula chithunzi ataima pambali pake, nakwera galimoto, ulendo. Pamulu wa mapaipi kuseri kwa sukulu sanapondeko n'komwe. Mapaipiwo akhala padzuwa mpaka ena achita mng'alu, udzu wamera pakati pake, ndipo aphunzitsi amaletsa ana kuyandikirapo chifukwa mwasanduka mogona njoka.

Ndiye ndikufunsa: ndalama za penti zinachokera kuti? Mafuta a galimoto ija analipira ndani? Anyamata aja anabwera opanda alawansi? Ndikufunsa chifukwa pamsonkhano umene tinaitanidwa kwa a gulupu, bwana wina wochokera ku ofesi ina anatifotokozera mwaulemu wonse kuti ndalama za mipopi yathu zinasunthidwa pamene bajeti imaunikidwanso pakati pa chaka, komanso kuti mitengo ya simenti ndi mapaipi inakwera moti kontilakitala sangapitirize ndi ndalama zimene anagwirizana poyamba. Tinamva, tinawomba m'manja monga mwa mwambo. Koma zikuoneka kuti posunthapo anasamala kwambiri kuti gawo la penti lisakhudzidwe. Tikuthokoza kwambiri. Chikwangwani chathu tsopano ndi chowala kuposa cha pa sukulu, kuposa cha pa tchalitchi, ndipo amayi akamapita kumtsinje m'bandakucha amadutsa pomwepo n'kuwerenga dzina la ntchito ya madzi aukhondo ali ndi zigubu zokatungira madzi amene mbuzi zamwamo kale.

Sindikufuna kutaya nthawi ya owerenga pofotokoza za namondwe wa Freddy. Aliyense akudziwa zimene zinachitika mu Malichi 2023, ku Chilobwe, kwa Ntauchira ku Chiradzulu, ku Nkhulambe, ku Muloza. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Chimene anthu a m'tauni mwina sadziwa ndi mmene madzi athu amayendera. Kuno sitidalira makina opopa ngati a ku Walker's Ferry amene amakankhira madzi a mu Shire kukwera nawo ku Blantyre. Athu amatsika okha kuchokera m'phiri. Kumtunda kumakhala kakhoma kotchinga madzi pamtsinje, paipi imawatengera mu thanki, kuchoka apo amagawikana kupita m'midzi. Safuna magetsi, safuna dizilo. Napolo atatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba, anachotsa kakhomako ndi mapaipi onse amene amawoloka mitsinje. Thanki ilipo, mipopi ilipo, komiti ya madzi ilipo ndi buku lake la zopereka. Chosowa ndi munthu wolumikiza mapaipi komanso matumba a simenti. Mchenga ndi miyala tinatuta tokha, mafumu atalamula, ndipo ngalande anyamata anakumba mpaka mvula inadzazikwiriranso.

Boma lenilenilo, pamodzi ndi World Bank ndi mabungwe a United Nations, linatulutsa lipoti lonena kuti Freddy anawononga zinthu za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kuti kukonzanso kukufunika pafupifupi madola 680 miliyoni. Si ine ndinalemba lipotilo. Mu 2023 momwemo aphungu anavomereza lamulo latsopano loyendetsera nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kulowa m'malo mwa lija la 1991 limene linabwera napolo atasesa ku Phalombe. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 30, akunena za ufulu wa chitukuko ndipo akulamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana pa zinthu zofunika pamoyo, kuphatikizapo zaumoyo ndi zomangamanga. Mapepala tili nawo okwanira, a Mkonzi. Akanakhala kuti mapepala amamwedwa, bwenzi kuno kulibe wodwala m'mimba.

Zoti ndalama ya kwacha inagwa, tikudziwa. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinazimva pogula feteleza, palibe chifukwa choti bwana abwere pagalimoto kudzatiphunzitsa. Koma nanga amene anachedwetsa ntchito mpaka mitengo kukwera ndi ndani? Ndi agogo anga? Mapaipi akanakwiriridwa chilimwe choyamba chija, bwenzi nkhani ya mitengo palibe. Mukachedwa, mitengo imakwera. Mitengo ikakwera, mumati ndalama sizikwanira. Ndalama zikapanda kukwanira, mumazisunthira kwina chifukwa akuti sizinagwiritsidwe ntchito. Chaka chinacho mumayambiranso, ndi chikwangwani chopentanso.

Ndipo apa ndi pamene pamandiwawa kwenikweni. Chaka cha boma chimayamba mu Epulo n'kutha mu Malichi. Nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo timatchera khutu pa wailesi, timamva mabiliyoni a misewu, a milatho, a madzi, aphungu n'kumamenya matebulo. Pakapita miyezi 6 amakumananso kuti aunikenso, nthawi imene ife tili kalikiliki kumunda ndipo palibe amene ali ndi mpata womvera wailesi. Pamenepo ndi pamene mpeni umadutsa. Malipiro sangawadule, chiwongoladzanja cha ngongole za boma sangachidule, ndipo chimenecho chokha chimadya gawo lalikulu la ndalama zimene MRA imatolera. Chotsala chodula ndi chitukuko, chifukwa mlatho sunyanyala ntchito ndipo mpopi wouma sukachita zionetsero ku Capital Hill. Koma sindinamvepo kuti misonkhano ya kunyanja yatha chifukwa bajeti yachepa. Kukambirana za kusintha kwa nyengo mu hotela ku Mangochi kumapitirira, tiyi wa 10 koloko osaphonya.

Kodi anthu amenewa anaiwala kolera? Mliri uja unayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023, unapha anthu oposa 1,700, ndipo unali woopsa kuposa wina uliwonse umene dziko lino linaonapo. Alangizi a zaumoyo amayenda khomo ndi khomo kugawa kulorini, kutiuza kuti tizimwa madzi otetezeka. Ife timavomera, koma madzi otetezekawo tiwatenge kuti? Mjigo umodzi umene unatsala wamoyo m'dera lathu umakhala ndi mzere kuyambira usiku, ndewu za zigubu tsiku ndi tsiku, ndipo atsikana amafika kusukulu phunziro loyamba litatha. Boma lidzawononga ndalama zambiri pogula madiripi ndi kumanga matenti a odwala kuposa zimene likanawononga pa mapaipi ogona kuseri kwa sukulu aja. Izi sizifuna digiri ya ku yunivesite.

Ndisanaiwale, nanga aphungu athu? Thumba la chitukuko cha m'madera, CDF, linakwezedwa kuchoka pa K100 miliyoni kufika pa K200 miliyoni mu bajeti ya 2024/25. Limenelo silinasunthidwe, linakula. Aliyense akudziwa mkangano umene wakhalapo pakati pa aphungu ndi makhansala pa za amene ayenera kugwira thumbali, mpaka nkhani inakafika kukhoti. Ife kumudzi sitisamala kuti wagwira ndani. Timangoona kuti ndalama zotere zimakonda zinthu zooneka pamsewu, zoti munthu n'kulembapo dzina lake ndi kudulapo kansalu. Paipi imakwiriridwa pansi, sioneka, siingalembedwe dzina la munthu, mwina n'chifukwa chake ilibe mwini. Timilatho tina timene tinamangidwa mothamanga tinapita ndi mvula yoyamba, simenti yake yochita kufufutika ndi chala.

Ndipo si ife tokha. Pitani ku Chigwa cha Shire mukafunse anthu a ku East Bank za msewu wawo wa Thabwa kupita ku Fatima, kapena a ku Makhanga amene madzi akasefukira amasanduka a pachilumba. Namondwe wa Idai anabwera mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Ana atagumula damu la Kapichira dziko linataya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo popeza mdimawo unafika mpaka ku Area 10 ndi ku Namiwawa, ndalama zokonzera zinapezeka ndipo makina anayambanso kuzungulira. Sindikudana nazo, magetsi ndi ofunika. Ndikungoona kuti vuto likafika pakhomo pa bwana limathamangiridwa, likathera kumudzi limapatsidwa chikwangwani. Anamondwe akubwera pafupipafupi chonchi, ndipo ife tikukonzabe za namondwe wa dzana pamene wa mawa ali kale m'njira kuchokera ku Mozambique.

Pempho langa ndi lalifupi. Ndalama zokonzera zimene namondwe anawononga zikhale ndi mzere wakewake mu bajeti, woti nduna kapena mlembi wamkulu aliyense asaukhudze popanda kubwerera ku Nyumba ya Malamulo n'kutchula poyera dzina la ntchito imene akuilanda ndalama ndi kumene akuzipititsa. Makhonsolo azimata pa bolodi, m'Chichewa, ndalama zimene analonjezedwa, zimene alandira ndi zimene alipira kontilakitala aliyense. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye palibe chobisira. A komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za bajeti ndi a ofesi ya Auditor General atuluke mu Lilongwe adzawerenge mapaipi ndi maso awo. Ndipo ngati zonsezi ndi zovuta, atipatse simenti ndi mmisiri mmodzi wodziwa kulumikiza mapaipi mvula isanayambe, zokumba tikumbanso tokha.

Wokhumudwa,
Kumunsi kwa phiri la Mulanje