Lipoti la maphunziro a chitetezo cha pamsewu ku Lilongwe

A Wapampando, akomiti ndi madalaivala anzanga, ndabwerako ku maphunziro a masiku awiri amene munandituma. Tsiku loyamba linali la malamulo ndi zikwangwani, zomwe tonse tinaloweza potenga laisensi.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la injiniya wa misewu pa nkhani ya makona. Anati galimoto payokha imafuna kungopita molunjika. Chiwongolero chimangoloza njira, koma chimene chimaikhotetsa ndi kugwirana kwa matayala ndi tala. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuti ukhote imawirikiza kanayi. Anawerengera pa bolodi kona yafulati yofanana ndi bwalo la mamita 50 kuchokera pakati kufika m'mphepete. Msewu ukakhala wouma, matayala abwino amagwira mpaka pafupifupi makilomita 67 pa ola, koma ukanyowa amagwira mpaka 50 basi. Maganizo anga anapita ku mapiri a Chikwawa, potsetserekera ku Thabwa nthawi ya dzinja.

N'chifukwa chake makona ena amamangidwa mopendekera, mbali yakunja yokwera, kuti msewu uzithandiza kukankhira galimoto mkati, matayala apepukidwe. Anationetsa bwalo la mpikisano la Daytona ku America, lopendekera madigiri 31. Misewu ya tonse siingapendekere choncho, chifukwa lole yoyenda pang'onopang'ono ingatererekere mkati. Anatinso katundu wosanjikidwa m'mwamba amatha kugubuduza galimoto matayala asanayambe n'komwe kutereka.

Pomaliza amene anali pa maphunzirowo anagwirizana kuti mabungwe azilangiza madalaivala kuponda buleki asanalowe pakona, osati ali kale pakati. Ndi zoona, koma kwa ine sizokwanira. Tayala lotha mano silimva malangizo. Chaka chatha ndinadandaula pamsonkhano wathu kuti eni minibasi ena amatikakamiza kuyenda ndi matayala osalala, ndipo ndalama ya tsiku ikaperewera amadula ya dalaivala. Munthu angachepetse bwanji liwiro pakona akuthamangira ndalamayo? Komiti inati tikambirana, koma mpaka lero kuli zii.

Alawansi ndinalipirira ulendo, malo ogona ndi chakudya, ndipo malisiti ali ndi a msungichuma. Ndikupempha kuti Loweruka likubwerali tiyendere matayala a minibasi zonse pa depoti, ndipo eni ake aitanidwe adzaone okha.