Kodi ndimulandire mlamu amene anandilanda katundu?

Amayi a malangizo,

Ndikulemba kalatayi usiku pakati, ana ali mtulo, magetsi kulibe. Dzina langa musalitchule chonde, chifukwa anzanga a kuchigwirizano amawerenga tsamba lanu. Ndine mayi wamasiye wa ana atatu, ndimakhala ku Chawama mu Lusaka ndipo ndimagulitsa salaula kumsika wa Soweto.

Lamlungu lapitali abusa analalikira pa Aroma 13:8-10, pomwe Paulo akuti tisakhale ndi ngongole kwa munthu aliyense kupatula ya kukondana, chifukwa wokonda mnzake wakwaniritsa lamulo. Mpingo wonse unkavomera ameni, ine thukuta lili kamukamu. Dzulo lake apongozi anga anali atandiimbira foni kuchokera ku Katete kuti, “Mwana wanga, alamu ako afa ziwalo mbali imodzi, pakamwa papotoka. Akufunika chipatala cha ku Lusaka, ndipo komwe angafikire ndi kwa iwe.”

Amuna anga anamwalira ndi kolera mu Januwale 2024, nthawi ija odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Thupi sitinalisambitse, kunyumba silinafike. Misozi isanaume, mlamuyu, amene ndi mkulu wawo wa malemu, anabwera ndi galimoto yahayala. Anatenga firiji, makina osokera, malata 24 amene tinkasungira nyumba ya lendi, ngakhale matiresi a ana. Anatenganso mapoto amene amayi anga anandipatsa pa kicheni pate. Mapoto amenewo sanali a mng’ono wake ayi, aliyense akudziwa, lalikulu lija linali ndi chigwiriro chimodzi chomangidwa ndi waya, ndinachimanga ndekha. Nditapita kumudzi kukaika maluwa pamanda a apongozi aamuna, ndinalipeza pamoto mkazi wake akuphikiramo maungu. Sindinanene kanthu. Mwina n’zazing’ono kwa ena, koma poto ameneyo amandibwerera m’maso kuposa firiji.

Pali zinanso zimene anandiuza usiku wina maliro atangotha, zokhudza mwambo, zoti sindingazilembe munyuzi. Ndinakana. Sindinauzepo munthu, ngakhale amayi busa.

Lamulo ndimalidziwa. Mnzanga wa pamsika anandifotokozera kuti lamulo la chuma cha masiye la 1989 limapereka theka kwa ana, magawo 20 pa 100 kwa mkazi, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemu. Mlamuyu ali ndi munda wake ndi ng’ombe zake, sankadalira aliyense. Anzanga anandiuza kuti ndipite kupolisi, ine ndinakana poopa kuti anthu anena kuti mayi wovala yunifolomu ya mpingo wamangitsa m’bale wa mwamuna wake. Ndinkati ndakhululuka. Lero ndaona kuti ndinangomeza.

Ndinene zoona, pakuti Mulungu akundiona. Nditamva kuti wadwala, mtima wanga unasangalala. Ndinaimba nyimbo ndikutsuka mbale. Kenako ndinachita mantha ndi ine mwini. Mgonero ndasiya kudya kuyambira chaka chatha, chifukwa Mateyu 5 amati ukakumbukira kuti pali nkhani pakati pa iwe ndi m’bale wako, usiye mphatso yako paguwa ukayanjane naye kaye. Koma ndimesiyo ikunena za m’bale amene ali ndi chifukwa ndi iwe. Ine ndinamulakwira chiyani? Bwanji ndikhale ine woyamba? Zaka zonsezi sanaimbepo foni, ngakhale kufunsa ngati ana a mng’ono wake ali pasukulu. Mwana wanga woyamba anakhala teremu yonse pakhomo wopanda nsapato ndi yunifolomu, ine ndikudikira tsiku langa la chilimba.

Inenso sindine woyera. Pamaliro paja ndinamutukwana pamaso pa anthu, mawu oti mayi wachikhristu sangatulutse. Koma ndani akanapirira?

Mkulu wa mpingo wa m’dera lathu, bambo abwino ndithu, anandikumbutsa za kukhululuka kwa makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri, nanditsegulira 1 Yohane 4:20, kuti wodana ndi m’bale wake amene akumuona sangakonde Mulungu amene sanamuone. Mawuwo andibaya, sindikuwatsutsa. Ambuye ndimawakonda, ndi amene andisunga ndi anawa. Komatu bambowo sadziwa kuti nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, madzi timagula pampopi, chimbudzi chili panja. Munthu wakufa ziwalo amafuna kunyamulidwa, kusambitsidwa, kudyetsedwa phala ndi supuni. Mkazi wake akuti sangasiye munda. Ndiye manja angawa akagwire thupi la munthu amene anandiuza zija? Ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 15 m’nyumba muno.

Amayi, ndithandizeni. Kodi ngongole ya chikondi imene Paulo akunena imatanthauza kuti ndimulowetse m’nyumba mwanga? Ndikamupezera malo kwa achibale ena ku Mtendere, ine n’kumangomupititsira chakudya kuchipatala, lamulo la Mulungu ndalikwaniritsa kapena ndikudzinamiza? Nanga ndikachita zonsezo mtima uli wowawa chonchi, pamaso pa Mulungu chikhala chikondi? Kodi ndi tchimo kufuna kuti ayambe wapepesa, pomwe mwina pakamwa pake sipangathenso kutulutsa mawu? Apongozi ndi okalamba, sanandilakwire, ndipo sakudziwa zonse. Ndiwauze?

Akuti akwera basi Lachisanu m’mawa ku Katete, ndikawachingamire ku Intercity madzulo. Sindinawayankhe kuti inde, sindinawayankhe kuti ayi.

Ndine mayi wosowa mtendere,
Chawama, Lusaka