Chitetezo cha apaulendo pa Nyanja ya Chilwa chiyambire padoko

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa momwe dziko lathu limasamalira maboti opulumutsira anthu pamadzi, chifukwa nkhaniyi imangokumbukiridwa pamene mitembo ikuvuulidwa, maliro akatha ndiye kuti yathanso. Mu Epulo 2023 anthu omwe ankapita kumaliro anamira mumtsinje wa Rusa ku Mchinji, ndipo mwezi wotsatira mvuu inagubuduza bwato mumtsinje wa Shire ku Nsanje. Chipepeso chinaperekedwa, malonjezo ananenedwa, koma ife okhala kufupi ndi Nyanja ya Chilwa tikufuna kumva zomwe zakonzedwa kuti boti likagubuduzika pakati pa doko la Kachulu ndi chilumba cha Chisi, thandizo lifike anthu akadali ndi mpweya.

Ntchito yoteteza anthu pamadzi kuno kwathu inagawidwa m'manja angapo. Nthambi yoona za maulendo apamadzi ndiyo imalembetsa ndi kuyendera maboti potsatira lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995, apolisi apamadzi amaonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, pomwe asilikali apanyanja ali ndi likulu lawo ku Monkey Bay, komwenso kuli sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima. Kuika mphamvu zambiri pa Nyanja ya Malawi n'komveka, pakuti kumeneko n'komwe sitima ya Vipya inamira pa 30 Julaye 1946 ndi kupha anthu 145, komanso n'komwe Ilala yakhala ikuyenda kuyambira 1951. Koma Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulukira, kotero boti la ku Monkey Bay silingafike kuno poyandama. Liyenera kukwezedwa pagalimoto ndi kuyenda maola angapo pamsewu, ndipo pofika ku Kachulu ntchito yotsala imakhala yofufuza mitembo basi.

Ngakhale litafika msanga, si boti lililonse lomwe lingagwire ntchito pa Chilwa. Nyanjayi ndi yosazama, pansi pake ndi thope lokhalokha, ndipo m'mbali mwake muli zitsamba zam'madzi zowirira zomwe zimakola injini mpaka woyendetsa azimitse, aweramire kumbuyo n'kuyamba kuzula ndi manja. Madzi ake amasinthasintha kwambiri: inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, kenako mvula yamphamvu ya zaka zotsatira, kuphatikizapo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, inaidzazanso mpaka kusefukira m'minda ndi m'midzi. Boti lalikulu lolemera, lomwe limaoneka bwino pa mwambo wolipereka, likhoza kutitimira m'thope lisanachoke n'komwe padoko. Chofunika kuno ndi maboti apansi pophwatalala, a injini zomwe amakaniko a m'tauni ya Zomba angathe kukonza, ndipo zipangizo zake zikhale zopezeka m'dziko muno.

Ena amaganiza kuti nyanja yosazama siopsa. Amene anaonapo mwera ukukuntha pakati pa Meyi ndi Ogasiti sanganene choncho. Mafunde a pa Chilwa amakhala aafupi koma otsatizana, ndipo boti lamatabwa lomwe lanyamula matumba a chimanga, madengu a matemba, njinga ndi anthu okhala mothinana, m'mphepete mwake mumangotsala kadanga kosakwana chikhatho kuti madzi ayambe kulowa. Mnyamata wokapa madzi ndi chigubu chodula amayamba ntchito yake boti lisanapite patali. Apaulendo ambiri ndi amayi obereka ana kumbuyo, odwala opita kuchipatala ndi ana asukulu, ndipo munthu wosadziwa kusambira amamira ngakhale pamadzi ongopitirira msinkhu wake pang'ono.

N'chifukwa chake ndikuona kuti ndalama yoyamba iyenera kupita padoko. Pakhale munthu wovomerezeka ndi boma wowerenga apaulendo, kulemba maina awo m'kaundula ndi kuletsa boti lodzaza mopyola muyeso kunyamuka. Chiwerengero chololedwa chilembedwe ndi penti pambali pa boti lililonse kuti wokwera aliyense adziwerengere yekha. Majekete oyandamitsa avalidwe boti lisanachoke, chifukwa jekete yomwe yasungidwa pansi pa katundu siipulumutsa munthu. A zanyengo amalengeza kale za mwera pawailesi, chotsala n'chakuti chenjezolo likhale ndi mphamvu yoimitsa ulendo. Eni maboti adzadandaula kuti mafuta akwera mtengo ndipo phindu lawo lili pa kuchuluka kwa okwera, ndipo dandaulo limeneli ndi loona ndithu. Boma lingawapeputsire pa msonkho wa majekete ndi injini, koma lisawalole kubweza ndalama za mafuta poika miyoyo ya anthu pachiswe. Anzathu a ku Tanzania anataya anthu oposa 200 mu Seputembala 2018 pamene sitima ya Nyerere, yomwe inadzaza mopyola muyeso, inagubuduzika pa Nyanja ya Victoria itatsala pang'ono kufika padoko.

Kugula boti ndi gawo lophweka. Kulisunga lamoyo kumafuna mafuta okhala m'thanki tsiku lililonse, batire yochajidwa, woyendetsa wophunzitsidwa yemwe amagona pafupi ndi doko, ndi nambala ya foni imodzi yomwe msodzi aliyense waiika pamtima. Asodzi enieniwo, maka omwe amakhala m'zimbowera (tinyumba toyandama pamadzi) pakati pa nyanja, ndi amene amayamba kufika pangozi, choncho makomiti awo a m'madoko apatsidwe maphunziro a kapulumutsidwe ka anthu, zingwe ndi majekete.

Ndikupempha aphungu a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, omwe amagawana nyanjayi, kuti akafunse ku Nyumba ya Malamulo mndandanda wa maboti onse opulumutsira anthu omwe boma lili nawo, wosonyeza komwe lililonse lili, tsiku lomwe linakonzedwa komaliza ndi ndalama za mafuta zomwe lapatsidwa chaka chino. Ndikupemphanso kuti zotsatira za kafukufuku wa ngozi iliyonse yapamadzi zizisindikizidwa m'Chichewa ndi kumatidwa pa madoko a Kachulu, Mposa ndi Swang'oma nyengo ya mwera isanayambe.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Zomba