Lipoti la nthumwi: chiliza cha malemu agogo a mijigo ndi ntchito imene atisiyira

A wapampando, a nyakwawa, anzathu a m'komiti ya mjigo, ndi nonse amene mumasonkha ndalama za madzi,

Munatituma anthu atatu kukaimira mudzi uno pa mwambo wa chiliza cha malemu agogo aja ankatikonzera mjigo. Mwambowo unachitika Loweruka lapitali kumudzi kwawo, kumunsi kwa Ngabu. Matumba awiri a simenti amene munapereka anafika nthawi yomanga isanakwane. Chipepeso tinachipereka kwa mwini mbumba pamaso pa a nyakwawa akumeneko, ndipo chinalengezedwa m'dzina la mudzi wathu. Agogo aakazi, amene malemuwa anawasiya, ati tikuthokozeni nonse.

Mbiri inawerengedwa ndi mwana wawo woyamba. Malemuwa anapitirira zaka 80, ndipo banja lawo linali limodzi lomwelo mpaka imfa. Analera ana awo, ana a mlongo wawo amene anatsala amasiye, kenako adzukulu. Ankalima mapira ndi thonje kumtunda, chimanga ndi mbatata kudimba madzi a Shire akaphwa. Akuluakulu ena anakumbutsa kuti anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique atadzaza chigwa chino m'zaka za m'ma 1980, khonde lawo linagonamo alendo miyezi yambiri. Agogo aakazi anawonjezera chimodzi chokha, kuti ndalama ya komiti sinagonepo m'chitini chimodzi ndi ndalama ya pakhomo, ngakhale chaka cha njala chimene banja linkadya nyika. Pamenepa anthu anakhala chete, ndipo ife tinaona kuti n'chifukwa chake midzi yambiri inkawakhulupirira.

Madzulo, makomiti a mijigo amene anabwera anakhala pansi ndi banja. Ana anatulutsa sipanala, chitsulo chokokera valavu ya pansi (imene imaletsa madzi kubwerera m'dzenje), ndi kope limene malemuwa ankalembamo mjigo uliwonse: tsiku loutsegula, chimene chinasinthidwa, ndi chiwerengero cha marodi ake (ndodo zachitsulo zotsika m'paipi kuchokera ku chogwirira). Mdzukulu wawo amene ankawanyamulira zipangizo, pamodzi ndi makaniki wa m'dera, anatifotokozera kagwiridwe kawo ka ntchito. Tikupempha a mlembi alembe zotsatirazi m'kope lathu, pakuti kwathu kuno zonsezi zinali m'mutu mwa munthu mmodzi amene tsopano wagona.

Mjigo wathu ndi wa mtundu wa Afridev, ndipo malemuwa ankauyesa mwezi ndi mwezi m'njira ziwiri, usanafe. Yoyamba ndi yoona ngati ukudontha mkati. Popani mpaka madzi atuluke, siyani mphindi 30 osakhudza, kenako werengani kuti mwapopa kangati madzi asanabwerenso. Mukapitirira kasanu, ndiye kuti madzi akubwerera pansi. Nthawi zambiri chimakhala chifukwa cha kalabala kotchedwa bobini ka m'valavu ya pansi, kapena mphete ya labala ya valavuyo. Zimenezi zikakhala zabwino, ndiye kuti paipi yang'aluka kapena yamasuka polumikizira. Yachiwiri ndi ya ndowa. Popani ka 40 mokweza ndi kutsitsa chogwirira mpaka kumapeto, pafupifupi mphindi imodzi. Mjigo wabwino usapereke madzi ochepera malita 15. Akachepera malita 10, labala ya pa pulanja (kachipangizo ka kumapeto kwa marodi kamene kamakweza madzi) yatha, mutsegule.

Ubwino wa mjigo umenewu ndi woti pulanja ndi valavu ya pansi zimatuluka osazula mapaipi. Koma pamenepa ndi pamene makomiti ambiri amalakwitsa. Rodi iliyonse ndi yotalika mamita atatu ndipo imakolekana ndi inzake, choncho pokoka pafunika anthu atatu: awiri agwire zolimba imene ili m'dzenje, wachitatu amasule ya pamwamba. Wina akataya dzanja msanga, marodi onse otsala amagwera pansi, ntchito ya ola limodzi n'kusanduka ya masiku. Marodi asagonekedwe m'dothi. Ikani mitengo iwiri pansi, muwayale pamwamba pake motsatana monga atulukira, ndipo muwatsuke musanawabwezere. Mchenga umene umamatirira ndi womwewo umakadya labala yatsopano. Labala ya pa pulanja ili ndi mlomo, ndipo mlomowo uyang'ane kumwamba. Mukaitembenuza mudzapopa thukuta lili kamukamu madzi osatuluka. Onaninso timalabala tapakati pa marodi: tikatha, rodi imakhula paipi mpaka kuiboola, ndipo kugula paipi si kofanana ndi kugula kalabala.

Chogwirira chikayamba kugwedera cham'mbali kapena kulira, mabeyaringi apulasitiki a kumutu atha. Alipo anayi, ndipo malemuwa ankawasintha onse pamodzi osadikira kuti chitsulo chiyambe kudya chitsulo chinzake. Ankaletsanso ana kumenyetsa chogwirira pansi ndi kupopa modukizadukiza, chifukwa zimafupikitsa moyo wa mabeyaringiwo.

Nkhani ya mchere inatenga nthawi, poti tonse tikudziwa kuti madzi a pansi m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere. Makaniki anati marodi a chitsulo wamba amachita dzimbiri msanga m'madzi otere n'kuduka pokolekera, pamene osachita dzimbiri aja ndi odula koma amakhalitsa. Anachenjeza kuti tisasakanize mitundu iwiriyi mu mjigo umodzi, chifukwa wamba uja amadyeka mofulumira kuposa kale. Ife tikuona kuti nthawi yogula ikadzafika tisadzathamangire zotchipa.

Za madzi osefukira sanatalikitse, chifukwa aliyense anali ndi chikumbukiro chake cha Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Lamulo la malemuwa linali loti mjigo umene wamira umangidwe kaye ndi chingwe, munthu asatungepo. Madzi akaphwa, yang'anani simenti yozungulira mjigo: ming'alu ndiyo njira imene madzi a m'zimbudzi zogumuka amalowera. Matani ming'aluyo, itanani alangizi a zaumoyo adzathire klorini, ndipo nthawi imene iwo anena ikakwana, popani madzi otaya mpaka fungo litachepa. Kunyumba madzi akumwa athiridwebe mankhwala ndi kudikira mphindi 30. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa mokwanira. Chimbudzi kapena khola zisayandikire mjigo kuposa mamita 30, ndipo mpanda ukhale wolimba, chifukwa ng'ombe ndi mbuzi za kuno zimaswa ngalande pofuna madzi.

Chimene chinatikhudza n'chakuti m'kope lija dzina la mudzi wathu likupezeka kawirikawiri, ndipo paliponse palembedwa kuti zipangizo anabwera nazo okha, ife n'kubweza ndalama pambuyo pake. Tinazolowera kutumiza mwana pa njinga kukawaitana mjigo ukafa. Chizolowezi chimenechi chatha, ndipo m'bokosi mwathu lero mulibe ngakhale labala imodzi.

Choncho tikubweretsa zopempha zitatu kuti muzikambirane pa msonkhano wa mudzi. A msungichuma atulutse ndalama zogulira labala ya pulanja, mabobini awiri, mphete ya valavu ndi mabeyaringi anayi, zikhale m'bokosi mvula isanayambe, misewu isanaduke. Tisankhe anthu anayi, awiri mwa iwo amayi poti ndiwo amayamba kumva mjigo ukasintha kulira, akaphunzire kwa mdzukulu uja. Wavomera kubwera, ife tingomulipirira kabaza ndi chakudya. Chachitatu ndi cha agogo aakazi: makomiti onse anagwirizana kuti mudzi uliwonse utumize anthu tsiku limodzi kukawathandiza kusosa ndi kubzala kudimba chaka chino. Tsiku lathu tikalisankha, a mlembi adziwitse a nyakwawa akumeneko.

Ndife nthumwi zanu zitatu.