Zikomo, Bambo Akunyumba Anapita ku Johannesburg ndi Kubwerako

Matawale,
Zomba.

Mkulu wa Nthambi ya Inshuwalansi ya Paulendo,
Blantyre.

Bwana,

Kalata iyi ndimayenera kuilemba kalekale, titangotsika ndege ku Chileka, koma wosamalira wodwala nthawi yokhala pansi amachita kuba. Lero bambo akunyumba ali pakhonde kuwothera dzuwa ndi wailesi yawo, ndiye ndati ndisazengerezenso. Ndikuthokoza kampani yanu, makamaka mayi amene anatilandira pa desiki ya inshuwalansi ya paulendo. Dzina lawo sindilitchula poti kalatayi iwerengedwa ndi anthu ambiri, koma inu mukuwadziwa. Chonde muwafikitsire mawu angawa.

Amuna anga ndi mphunzitsi wopuma ntchito, anaphunzitsa masamu zaka zambiri kuno ku Zomba. Zaka ziwiri zapitazo, m'mawa wina tikumwa tiyi, kapu inawapulumuka m'manja. Poti ndiwayang'ane, kukamwa kwapotokera mbali imodzi, zimene akunena osamveka. Ku Zomba Central Hospital anatiuza kuti ndi sitiroko, ndipo gwero lake ndi BP imene anakhala nayo nthawi yaitali akumwa mankhwala modumphadumpha. Kumudzi ena ananong'ona kuti amenyedwa ndi hamala ya afiti. Ife tinagwira mawu a dokotala: magazi anaundana n'kutseka mtsempha mbali yakumanzere ya ubongo, n'chifukwa chake dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, ndi lilime lomwe. Mafizo a miyezi yambiri anawadzutsa. Pano amayenda ndi ndodo, amadya ndi dzanja lamanzere, ndipo amalankhula, kungoti mawu amabwera limodzilimodzi.

Mwana wathu wamkazi amakhala ku Johannesburg. Atatipatsa mdzukulu woyamba, anatiitana kuti tikapumeko kwa iye masabata atatu. Bambowa, amene kuyambira pamene anadwala anali asanapemphepo kanthu, anangoti, "Ndikufuna ndikamuone." Achibale anakana kwamtuwagalu. Ati munthu wodwala chonchi akakagwa kunja mudzamubweretsa ndi chiyani? Sindinawaimbe mlandu. Tonse tinasonkhapo ndalama zotengera maliro kuchokera ku Joni, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu ya chipatala ya m'marandi penshoni ya mphunzitsi singaiyandikire n'komwe.

Ndinayamba kufunsa za inshuwalansi. Ofesi ina atangomva mawu akuti sitiroko anatibwezera fomu, nkhani n'kuthera pomwepo. Tikubwerera pa minibasi bambo sanayankhule kuchokera ku Limbe mpaka ku Thondwe. Madzulo ake wachibale wina anatilangiza kuti kumene tikapitenso tisakatchule za matendawa. "Fomu siona munthu," iye anatero. "Mukangolemba kuti ali bwino, ndodoyo mukati ndi nyamakazi." Ndikuuzeni zoona, bwana: tsiku limene ndinalowa mu ofesi yanu ndinali ndi maganizo amenewo mumtima.

Mayi aja anatipatsa mipando, kenako anatembenuza mpando wawo kuyang'ana amuna anga. "Bambo, ulendowu ndi wanu, ndiye ndizifunsa inuyo. Mayi azithandiza pamene mwatopa." Mwina kwa inu zimenezi n'zazing'ono. Koma zaka ziwiri zonsezi anthu akhala akufunsa ine kuti bambowa agona bwanji, adya chiyani, eni ake ali pompo ngati kulibe. Mayiwo anadikira liwu lililonse, osawamalizira chiganizo, ngakhale kumbuyo kwathu kunali anthu ena. Ndipo atafika pa funso la matenda amene munthu anadwalapo kale, amuna anga okha, ine ndisanatsegule pakamwa, anati, "Si-ti-ro-ko." Ndinaweramitsa mutu, ndikudikira kuti fomu ibwezedwenso.

Siinabwezedwe. Anafunsa kuti inachitika liti, inali yotsekeka mtsempha kapena yophulika, akumwa mankhwala anji, anagonekedwaponso m'chipatala kuchokera nthawi imeneyo, amatha kukwera masitepe angati. Anatsegula buku lawo la kuchipatala n'kumakopera mayina a mankhwala: amlodipine wa BP, aspirin wamng'ono uja, ndi atorvastatin wochepetsa mafuta m'magazi. Kenako anandiyang'ana ine, ngati kuti awerenga zimene ndinabwera nazo, n'kunena kuti ambiri amabisa matenda poopa mtengo, koma inshuwalansi yogula mobisa imakhala pepala chabe. Tsiku limene munthu wadwala, kampani imaitanitsa mbiri yake kwa madokotala, ndipo ikapeza kuti matendawo analipo kale osalembedwa pa fomu, ili ndi ufulu wokana kulipira. Anafotokoza mwaulemu, osandichititsa manyazi pamaso pa amuna anga.

Tsiku limenelo sanatigulitse kanthu. Anatibweza ku Zomba kuti tikatenge kalata ya dokotala yonena mmene bambo alili ndi kutsimikiza kuti angathe kukwera ndege. Yankho litabwera, mtengo wa bambo unali wokwera kuposa wanga, ndipo panali kagawo kena ka bilu koti tidzalipire tokha chilichonse chikachitika. Ndinadandaula pang'ono, sindibisa. Koma mayiwo anatenga chikalata chonse chija, cholembedwa m'Chingerezi cha maloya, n'kuchimasulira ndime ndi ndime m'Chichewa: malire a ndalama za chipatala, za ambulansi, zosinthira tikiti ngati dokotala waletsa ulendo wobwerera, ndi zobweretsera munthu kumudzi, wamoyo kapena ayi. Mbali yomalizayo anainena poyera osazungulira, ndipo bambo anagwedeza mutu kuvomereza. Anatiuzanso zimene sizilipiridwa, monga kupita dala kukafuna chithandizo kunja, kapena kuyenda dokotala atakaniza.

Poyamba tinkaganiza za basi chifukwa ndi yotchipa. Amene anayendapo msewu umenewo akuudziwa: Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, mzere wa pa Beitbridge, kuposa tsiku lathunthu munthu ali chikhalire. Dokotala wathu anakana, ati kukhala malo amodzi nthawi yaitali chotero kumaundanitsa magazi m'miyendo, ndipo pa malire munthu wa ndodo sangapirire kuima. Ndege yochokera ku Chileka imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Mwana wathu anawonjezera ndalama, tinagula matikiti.

Zina zonse anatiphunzitsa ndi mayi a ku ofesi kwanu, ngakhale siinali ntchito yawo. Kampani ya ndege tiiuze kukadali maola osachepera 48 kuti ulendo uyambe kuti tikufuna njinga ya olumala pa mabwalo onse awiri. Mankhwala asalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege, akhale m'chikwama cha m'manja, m'mabokosi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo titenge oposa masiku a ulendo. Bambo akhale mpando wa m'mphepete mwa kanjira kuti azitha kutambasula mwendo. Nambala yoimba pa ngozi anatilembetsa m'mafoni onse awiri, n'kuilembanso pa kakhadi kamene anati kazikhala m'thumba la malaya a bambo, kuseri kwake atalembapo kuti munthu uyu anadwalapo sitiroko ndipo amalankhula pang'onopang'ono. Anatikumbutsanso kuti Mmalawi amakhala ku South Africa masiku 30 opanda viza, choncho masabata athu atatu akusiya mpata ngati kutachitika chotichedwetsa. Ine nthawi imeneyo ndinkaona ngati akuchulukitsa.

Tinanyamuka mu Julaye. Pa bwalo la OR Tambo mnyamata wa njinga anatidikira pakhomo penipeni pa ndege, ndipo ndi kutalika kwa makonde akumeneko, popanda iye sitikanafika. Kuzizira kwa Johannesburg kunaposa kwa ku Chawe, bambo ankagona ndi chipewa. Koma tsiku limene anamuika mdzukulu pa dzanja lawo lamanzere, anamuimbira nyimbo ya m'kwaya yawo yakale, ndime yonse, osakakamira liwu ngakhale limodzi. Dokotala wa mafizo anandiuzapo kuti ena amene sitiroko inawamanga lilime amatha kuimba bwino kuposa kulankhula, koma ndinali ndisanazionepo ndi maso. Mwana wathu anathawira kukhitchini kukalira. Sabata yachiwiri tinapita nawo ku Johannesburg Zoo, mpongozi akukankha njinga, agogo akulozera mwana wa miyezi inayi nyama zimene iye sankaziona n'komwe.

Usiku wa tsiku la 12, cha m'ma 10 koloko, ndinamva ndodo ikugwa m'bafa. Ndinawapeza atatsamira khoma, kukamwa kwapotokanso, mawu atatheratu. Zimene ndinamva mumtima sindingathe kuzilemba. Mwana wathu anatulutsa kakhadi kaja m'thumba la malaya n'kuimba. Foni inayankhidwa nthawi yomweyo. Anafunsa nthawi yeniyeni imene zizindikiro zayamba, anatumiza ambulansi, ndipo pamene tinkafika ku chipatala kalata yolonjeza malipiro inali itafika kale. Palibe anatifunsa dipoziti. Anawalowetsa m'makina ounikira mutu ola lisanathe.

Mwa chisomo cha Mulungu inali sitiroko yaing'ono, imene madokotala amaitcha TIA: mtsempha umatsekeka kanthawi kenako n'kutseguka wokha. Pofika pakati pa usiku mawu anayamba kubwerera. Dokotala anatiyamikira kuti tinafulumira, ati ikanakhala yaikulu, mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa munthu akafika mkati mwa maola 4 ndi theka, ndipo ngakhale yaing'onoyo si yoinyozera chifukwa nthawi zambiri imakhala kalambulabwalo wa yaikulu. Anawagoneka masiku atatu, anawasinthira mankhwala, ndipo analetsa kukwera ndege kufikira atawaonanso.

M'mawa mwake anthu anu anapempha mbiri ya matenda a bambo. Mwana wathu anajambula fomu ija ndi kalata ya dokotala wa ku Zomba n'kutumiza. Ndili pa benchi ya m'chipatalamo ndinayang'ana mzere umene mayi aja analembapo mawu akuti sitiroko ndi dzanja lawo, ndipo thupi lonse linanjenjemera. Ndikanatsatira malangizo a wachibale uja, pamzerewo pakanakhala mawu akuti palibe. Bilu ndinaiona. Tikanagulitsa nyumba ya ku Matawale ino. Inu munalipira zonse kupatula kagawo kathu kaja, monga mmene chikalata chinanenera, munasintha matikiti, ndipo tinabwerako tsiku la 28, mankhwala owonjezera aja atatsala a tsiku limodzi.

Achibale ena mpaka pano amati mwaona, tinanena. Ine sindikugwirizana nawo. Dokotala wathu titabwerako anati TIA imeneyo ikanatha kuwapeza ali pakhonde pano. Kusiyana kwake n'kwakuti inawapeza atamunyamula kale mdzukulu wawo. Munthu amene wapulumuka sitiroko sanafe, ndipo kumutsekera m'nyumba pomuopera ndi matenda ena pa okha. Ndawaona amuna anga asanapite ndi atabwerako, ndikudziwa chimene ndikunena: pano amadzuka okha kuchita mafizo osawakumbutsa.

Ndili ndi mapempho awiri, ndipo ndikupempha ngati munthu amene mwamuthandiza. Chikalata chija chilembedwenso m'Chichewa. Si aliyense adzapeze mayi oleza mtima omumasulira, ndipo mawu amene amagwetsa anthu ndi omwe aja a matenda amene analipo kale. Chachiwiri, tipezereni njira yoti ife a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi tizitha kutumiza mafomu ndi makalata a dokotala pa WhatsApp kapena pa imelo. Ife tinapita ku Blantyre katatu, ndipo makilomita oposa 60 pa minibasi, munthu wa mwendo wofooka atapanikizika pampando, si masewera. Pa mzere wa mafizo amayi awiri andifunsa kale mmene tinayendera, mmodzi ali ndi mwana ku Lusaka, wina akufuna kuperekeza mayi ake ku Dar es Salaam. Ndawapatsa nambala ya ofesi yanu ndipo ndawauza kuti akanyamule buku la kuchipatala.

Bambo andituma kuti ndilembe kuti akupereka moni kwa mayi amene anawadikira kuti amalize kulankhula. Akufunsanso ngati muli ndi inshuwalansi ya maulendo a m'dziko momwe muno, chifukwa mdzukulu akubwera pa Khirisimasi ndipo iwo akufuna kukamuonetsa nyanja ku Mangochi.

Ine wanu woyamikira,

Mayi wa ku Matawale, Zomba.