Kwa kampani yanga ya mafoni: Wi-Fi Calling mwaipititsa kuti?

Ndalemba pano poyera chifukwa kwa othandiza makasitomala ndaimbako kanayi, ndipo kanayi konseko andiuza kuti ndizimitse foni n'kuiyatsanso. Ndazimitsa, ndayatsa, SIM khadi ndatulutsa n'kubwezeramo. Palibe chasintha.

Ndimagwira ntchito m'chipinda cha pansi pa nyumba yosanja, makoma a konkire mbali zonse. Netiweki yanu ikafika muno imatsala kamzere kamodzi, nthawi zina osaoneka n'komwe. Koma Wi-Fi ndi yamphamvu, kanema amaonetsa osadukiza. Malo oterewa ndi amene Wi-Fi Calling anaipangira: munthu umaimba ndi kulandira mafoni pa nambala yako yomweyo, kungoti mawu amadutsa pa intaneti m'malo modalira nsanja ya kampani. Kwa miyezi ingapo zinkayenda bwinobwino, pamwamba pa sikirini pankalembedwa kuti VoWiFi, dzina lina la Wi-Fi Calling yomweyo. Masabata atatu apitawa mawuwo anasowa, ndipo pamalo poyatsira mu Settings sipakuonekanso chilichonse.

Mayi wina wa kwanuko, waulemu wake ndithu, anandilangiza kuti ndiziimba pa WhatsApp. Ndiwauze zimenezo amayi anga? Foni yawo ndi ya mabatani, WhatsApp sayidziwa, amangodinda nambala yanga basi. Akandisowa amayamba kuganiza kuti ndadwala. A kubanki akafuna kutumiza nambala yachinsinsi amatumiza pa SMS, ndipo Wi-Fi Calling ikugwira, ma SMS amenewo ankafika ndili pampando pompano. Pano ndimakwera masitepe kukaima panja, foni m'mwamba ngati ndikufuna kujambula mitambo, ndikamabwerera nthawi ya nambalayo yatha kale.

Wachiwiri anati vuto ndi foni yanga, ndikagule ina. Apa mpamene pandiwawa. Ndinabwereka SIM khadi ya mnzanga wa kuntchito, ya kampani ina, n'kuika mufoni yomweyi. Sipanathe mphindi ziwiri, poyatsira paja panatulukira, VoWiFi nayo mbee pamwamba. Ndinaimba, mawu akumveka ngati munthuyo ali pambali panga. Nditabwezeramo yanu, zii. Foni yomweyo, Wi-Fi yomweyo, mpando womwewo.

Ndipo zikumveka, chifukwa kiyi wa zimenezi ali ndi inu. Foni imalumikizana ndi makompyuta a kampani kudzera pa intaneti, kampaniyo imayang'ana SIM khadi n'kuona ngati nambalayo yaloledwa. Ngati simunalole nambala, kapena mtundu wa foniyo mwauchotsa pa mndandanda wanu, kasitomala angazimitse foni mpaka batani litadyeka, sizingatheke. Mnyamata woyang'anira intaneti kuntchito kwathu anafufuzanso rauta (kabokosi kogawa Wi-Fi), poopa kuti mwina ikutchinga ma port a UDP 500 ndi 4500 amene Wi-Fi Calling imadutsira. Ndi otsegula. Nanga SIM ya mnzanga ija ikanadutsira pati?

Sikuti ndikupempha chinthu chachilendo ayi. Ma iPhone ali nazo kuyambira 2014 pamene kunabwera iOS 8, ndipo mafoni ambiri a Android ali nazonso. Komanso sindikupempha zaulere. Ndikaimba pa Wi-Fi Calling mumandidula mphindi monga mwa nthawi zonse, pomwe intaneti yonyamula mawuwo si yanu. Ndimakupeputsirani nsanja, n'kulipiranso pamwamba.

Poti ndayamba kale, nditchulenso ichi. Ngakhale nthawi imene zinkagwira ija, ndikangotuluka m'chipinda ndikuyankhula, foni inkadukira pamasitepe. Kuti kuyankhulana kuchoke pa Wi-Fi kupita pa netiweki osaduka, nambala imafunika ikhalenso ndi VoLTE, njira yoimbira mafoni pa netiweki ya 4G. Yanga sinaonetsepo VoLTE chiigulireni.

Chonde, musandiyankhe kuti "pepani chifukwa cha vutoli, titumizireni uthenga kumbali" kenako n'kukhala chete, poti uthenga wanga wa sabata yatha ukadali komweko wosawerengedwa. Ndiuzeni pompano ngati Wi-Fi Calling mwaitseka pa nambala yanga yokha, pa mtundu wa foni yanga, kapena kwa aliyense, komanso tsiku limene mutsegulenso. Mukatsegula muphatikizepo VoLTE. Ngati mwaisiyiratu nenani, SIM ya kampani ya mnzanga ija ndaiona kale kuti ikugwira pa desiki yanga.